Amake Saulo ndi Phokoso la ku Chigayo

Amake Saulo anamwalila Lachiwili m'mawa ku chipatala. Uthenga unandipeza ku Nyimba kumene ndimaphunzitsa, ndipo amene anandiimbila foni ndi Mabvuto Lungu, woimba ng'oma wa gulu lathu lakale. Sanalankhule zambili. Anangoti amama apita, kenaka ndinangomva zala zake zikugogoda pa chinachake, kaya thebulo kaya chitseko. Ndinakwela basi ya masana yopita ku Petauke. Njila yonse miyendo yanga sinakhazikike, mpaka amai amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati ndikudwala.

Dzina lawo linali Tikambenji Daka, koma ochepa ndiwo ankalidziwa. Kwa anthu a m'komboni anali Amake Saulo a ku chigayo. Kwa ife amene tinayamba kuimba meto kuno kum'mawa anali amama, basi. Sanagwilepo gitala moyo wawo wonse, ndipo mpaka kumapeto ankanena poyela kuti nyimbo zathu sazikonda. Koma mukafunsa aliyense wa magulu amene alipo lelo ku Petauke, ku Nyimba, ngakhale ku Sinda, kuti zonsezi zinayambila pati, adzakulozelani kachipinda ka malata kuseli kwa chigayo chawo.

Amene sanamvepo meto aganize za magitala a malaiti olila mwaukali, ng'oma zothamanga ngati matalala pa denga, ndi woimba wokuwa ngati akukalipila munthu amene ali kutsidya la Luangwa. Mtundu umene ife tinaukonda ndi wothamanga koposa, umatchedwa thilashi. Anthu a ku Petauke sanavutike ndi dzinalo. Ankangoti nyimbo za ku chigayo.

Sindikumbuka kuti ndinawaonapo atakhala pansi dzuwa lili kumwamba. Ankadya chiimilile, mbatata kudzanja limodzi, dzanja lina lili pa chigayo, chifukwa ankati makina amalankhulila m'chikhatho, osati m'khutu. Khutu lawo lakumanzele linafa kalekale ndi phokoso la ntchitoyo, choncho ankalankhula mokweza paliponse, ndipo akafuna kukumvetsetsa ankakuzungulila mpaka ukhale kumanja kwawo. Nsidze zinkakhala zoyela ndi ufa. Ankayenda mofulumila, thupi litapendekela kutsogolo, makiyi akulila m'chiuno. Malaiti akazima, m'malo mopuma ankasesa pamene asesa kale, kumasula sefa, kuipukuta, kuibwezela, uku akukalipila mawaya ngati ali ndi makutu. Ankakonda kunena kuti munthu wokhala pansi masana akuitana matenda, ndiponso kuti phokoso silinaphepo munthu, zimene zimapha ndi zonong'onezana.

Nyimbozi zinabwela ndi Lackson Tembo, mnzathu wokonza mafoni pa siteshoni. Dalaivala wina wa thilaki wochokela ku Tete anamusiyila foni yakufa, ndipo m'kakhadi kake munali nyimbo zimene palibe wa ife anali atazimvapo. Mawu ake sitinamve ngakhale limodzi. Tinangomva kuti anthuwo akwiya ndipo akuthamanga, ndipo ifenso tinali otelo. Sukulu tinamaliza, ntchito kulibe, tsiku lonse kuzungulila pakati pa msika ndi msewu waukulu, kuonelela mabasi a ku Lusaka akudutsa. Nyimbozo zinayenda foni ndi foni. Lackson anapeza gitala yakale imene kwaya ina inaitaya, ine ndinapeza ya besi, Mabvuto anasonkhanitsa ng'oma, zina zogula, zina zopangitsa kwa owotchelela zitsulo. Misozi Phiri, amene kusukulu ankaimba ndi mawu aang'ono okoma, anaphunzila kukuwa.

Kulikonse kumene tinayesa kuimba anatithamangitsa. Eni nyumba ya Lackson anamuuza kuti asankhe pakati pa gitala ndi denga. Ku bala ina anatilola Loweluka limodzi, koma oledzela ankafuna zovina ndipo anatigenda ndi zitsekelelo za mabotolo. Ndi Misozi amene anaona kachipinda kaja atapita kukagayitsa chimanga. Anapempha, ndipo Amake Saulo anati sangabweleketse malo ku chinthu chimene sanachimve. Tinanyamula zonse pa wilibala. Tinaimba nyimbo imodzi, iwo ataima pakhomo, khutu labwino atalozetsa kwa ife. Titamaliza sananene kuti n'zabwino kapena n'zoipa. Analoza Mabvuto n'kunena kuti uyu akunama, miyendo yake yafika kale ku Chipata manja akadali pa Sinda.

Anatilola, koma tiziimba pokhapokha chigayo chikulila, kuti oyandikana nawo asadziwe woti amudandaule. Dzuwa likamalowa zonse zithe. Za mowa ndi chamba anati akangonunkhiza chabe, ng'oma tidzazipeza m'ngalande.

Za ng'oma sankalankhula mongoganizila. Tinadzamva pambuyo pake, kwa amai ena obwela kudzagayitsa, kuti ku Nyampande kumene anabadwila anali woimba ng'oma wa ku chinamwali, ndipo ali mtsikana ankawatenga midzi yakutali chifukwa manja awo sankatopa. Analeka atalowa gulu la amai a ku tchalitchi, ng'oma yawo n'kupatsa mng'ono wawo. Eni ake sankafuna kuikamba nkhaniyo. Koma Mabvuto akasokoneza, ankalowa m'kachipindamo osagogoda n'kuyamba kumenya chigubu cha madzi ndi zikhatho, kumuonetsa pamene waphonya. Mabvuto ankakwiya. Ankati meto siimbidwa choncho, iye wamva mmene eni ake amaimbila. Iwo ankamuyankha kuti eni akewo akadzafika ku Petauke adzawauzanso.

Tsiku lina Mabvuto anafatsa n'kuwapempha kuti amuphunzitse kagundidwe kenikeni ka ku chinamwali. Anakana. Anati zimenezo si za amuna, ndipo akapemphanso amuthila gaga m'maso. Koma amama ankatengela Misozi kuseli kwa matumba, ndipo kumeneko kunkamveka chigubu chikugunda. Mabvuto ankanyonyomala pafupi ndi khoma la malata ngati akumanga nsapato. Ndikhulupilila kuti amama ankadziwa, chifukwa ankagunda mokweza kuposa mmene makutu a Misozi akanafunila. Kuchokela pamenepo ng'oma za Mabvuto zinayamba kutsimphina mwa njila yakeyake, zothamanga ndithu, koma zogwela pamalo pamene munthu sukuyembekezela. Patapita zaka, oimba a ku Lusaka atamva nyimbo zathu pa foni anafunsa kuti kagundidwe kameneko tinakatenga kuti. Mabvuto anati ku chigayo.

Amama ndi Misozi ankakangana za mawu. Poyamba tinkaimba m'Chingelezi chimene ifenso sitinkachimvetsa bwino, za mizukwa ndi nkhondo za kutali. Amama anafunsa Misozi kuti akukalipila ndani. Iwo anati munthu wokuwa popanda womukuwila ndi wamisala, ndipo ngati zokwiyitsa zamusowa abwele adzaime pa chigayo tsiku limodzi, amve zimene amai amakamba pamzele. Misozi ananyanyala sabata yonse. Kenaka anabwela ndi nyimbo ya m'Chinsenga yokamba za mbozi zimene zinadya chimanga chaka chimenecho. Zinatsatila za thonje lokhalitsa m'nyumba wogula osabwela, za malaiti ozimazima, za atsikana okwatitsidwa sukulu isanathe. Gulu lathu tinalitcha Nyundo, potengela nyundo za m'kati mwa chigayo zimene zimaphwanya chimanga.

Ndisawajambule ngati mngelo. Pakamwa pawo panali powawa, ndipo kupepesa sankakudziwa. Lamba watsopano wa chigayo atasowa anati taba ndife. Anakhoma kachipindako ndi loko wamkulu, zida zathu zili momwemo, ndipo tinatha masabata tikuzungulila panja ngati nkhuku zotsekeledwa khola. Lambayo anadzapezeka kwa mnzake wa Saulo, mwana wawo wamwamuna; Saulo ndiye anamubweleketsa osanena. Amama anatsegula loko, anaika mbale ya mtedza wokazinga pa sipika, n'kutiuza kuti tachedwa kuyamba. Nkhani inathela pomwepo. Saulo mwiniwake sanatifune kuyambila pachiyambi. Iye ndi amake ankakangana za ife pamaso pa ogayitsa, iye akuti mbili ya banja ikuonongeka, iwo akuti mbili ya banja anaimanga ndi iwo iye akadali kumbuyo. Pa chinthu chimodzi chokha ankagwilizana: onse ankadana ndi malaya athu akuda ojambulidwa chigaza. Amama ankati munthu wamoyo sayenda ndi mafupa pachifuwa.

Ena anayamba kubwela. Ku Nyimba kunabadwa gulu lotchedwa Chilala. Ku Nyalugwe kunachokela abale awili ndi gitala yosema okha, yolumikiza ku batile ya galimoto, amene ankafika fumbi lili mpaka m'makutu. Loweluka kachipindako sikankakwana. Odikila nthawi yawo ankaima panja limodzi ndi amai ogayitsa, ndipo amama sankalola munthu kuima manja ali m'thumba. Wovala zakuda aliyense ankanyamulitsidwa matumba, kuthila chimanga, kukung'untha ufa. Amai a pamzele poyamba ankatseka makutu ndi zitenje. M'kupita kwa nthawi anazolowela, ena mpaka kumadziwa kuti lelo akuimba a ku Nyimba, chifukwa gitala yawo inkalila ngati nkhumba yomangidwa pa njinga.

Chimene sindidzaiwala chinachitika chaka chimene tinaimba koyamba ku Nyimba. Anzathu a Chilala anapeza bwalo kuseli kwa msika, n'kuimika lole kuti ikhale nsanja. Anthu anabwela ambili kuposa mmene tinkaganizila, ena pa njinga kuchokela kumidzi, ndipo ogulitsa nthochi anasiya msewu kudzaonelela. Kutsogolo kwenikweni kunali Yohane Mumba wa ku Mwape, mnyamata wamtali wolima ndi makolo ake, amene ankadziwa mawu a nyimbo zathu zonse ndipo ankakuwa kuposa Misozi. Anavala malaya athu akuda. Pobwelela kwawo, njinga yamoto imene anakwela inatelela pa kamlatho, anamenyetsa mutu pa mwala, n'kufela pomwepo.

Pofika Lolemba nkhani inali itazungulila Petauke yense, itasintha kale. Ankati tamupeleka nsembe kuti titchuke. Ankati chigaza cha pa malaya ndicho chizindikilo, ndipo m'kachipinda muja timamwa magazi. Kuno mawu akuti usatana si oseweletsa. Masana miyala inayamba kugwa pa denga la chigayo. Amai amene anali pamzele anasenza matumba awo n'kupita kwina. Lackson anati tikwele basi ya ku Lusaka tsiku lomwelo, ndipo ambili tinaona kuti akunena zanzelu. Mabvuto anangokhala kuseli kwa ng'oma zake, timitengo tili m'manja.

Amama anazima chigayo, chinthu chimene sankachita malaiti alipo. Anati mailo kukacha tonse tikupita ku Mwape kumalilo. Lackson anati akatipha. Iwo anati mwina, koma tikathawa ndiye kuti tavomela, ndipo mai wa mwanayo adzakhala moyo wake wonse akukhulupilila kuti mwana wake anadyedwa ndi anthu. Misozi anafunsa ngati tivale malaya oyela.

"Valani akuda omwewo," anatelo amama. "Ndimadana nawo, mukudziwa. Koma musakabise kanthu. Akakuoneni mmene mwana wawo ankakuonelani."

Tsiku lomwelo mkulu wa gulu la amai a ku tchalitchi anabwela kudzawachenjeza kuti akapita nafe asavale yunifomu. M'mawa amama anatulukila atavala yunifomu, bulauzi yoyela yosita bwino, duku kumutu. Anali atapempha lole ya a Njobvu, amene ankawatutila chimanga. Tinakweza thumba la ufa ndi nkhuni. Zida zoimbila tinasiya. Msewu wa ku Mwape ndi wautali ndi wokumbika, koma anakana kukhala kutsogolo ndi a Njobvu. Ulendo wonse anaimilila kumbuyo kwa lole limodzi nafe, atagwila chitsulo, maso ali kutsogolo.

Titafika, nyimbo ya malilo inadukila pakati. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anaimilila. Amama anatsika chambuyo, anadutsa pakati pa amunawo osayang'ana aliyense, analowa m'nyumba ya malilo, ndipo tinawamva akulila mokweza monga amachitila mlendo wongofika kumene. Ife anatisiya panja. Anthu anatizungulila. Amalume ake a Yohane, bambo aafupi a ndevu zaimvi, anabwela atagwila mpini wa nkhwangwa n'kutifunsa kuti tabwela kudzatenganso ndani. Ndinkamva mpweya wa munthu kumbuyo kwa khosi langa. Wina anakoka malaya a Lackson mpaka kung'ambika paphewa.

Amama anatuluka akupukuta maso. Anazungulila mpaka amalumewo akhale kukhutu lawo labwino.

"Bambo, pepani ndi malilo," anatelo, mokweza monga mwa nthawi zonse. "Awa ndi ana anga. Amaimbila pakhomo panga, ine ndili pomwepo, ndipo kiyi ndimasunga ndine. Ngati adya mwana wanu, ndiye kuti ndawatuma ndine. Yambani ndi ine. Ngati simuyamba, apatseni makasu. Ndamva m'nyumbamo kuti kumanda kuli mwala."

Amalumewo anayang'ana yunifomu, anayang'ana ife. Mpini sanautsitse, komanso sanaukweze. Amene anathetsa nkhaniyo ndi mkulu wina wa adzukulu, okumba manda, amene anali atangobwela kudzamwa madzi, dothi lili thupi lonse. Anati mwala ulipodi, manja akuchepa, dzuwa likupita, ndipo za usatana akambe akaika malilo. Anapatsa Mabvuto piki. Tinakumba mpaka zikhatho kutuluka matuza. Palibe amene anatilankhula, koma palibenso amene anatikhudza. Misozi anapita ndi amama kukatunga madzi.

Atatha kuika malilo, amake Yohane anaitanitsa mtsikana woimba uja. Ife tinaima pakhomo tikumva. Anali atakhala pa mphasa, mawu atasasa ndi kulila. Anati mwana wawo ankakuwa nyimbo ina kumunda tsiku ndi tsiku, iwo osamvamo kanthu, ndipo anthu akuwauza kuti ndi mawu oitanila ziwanda. Anafuna awamve mawuwo bwinobwino, pang'onopang'ono. Misozi anagwada. Sanaimbe, anangowanena m'Chinsenga monga munthu akukamba nkhani: za bambo amene akuyenda mzele ndi mzele m'munda, kuthila phulusa ndi mchenga m'nsonga za chimanga, mbozi zikudyabe, ana ake akusuzumila m'nkhokwe.



"Ndiye n'zomwezo?" anafunsa amake Yohane. "Zimenezo zinachitika m'munda mwathu momwemo. Nanga mumakuwilanji?"

Anayankha ndi amama, kuti nawonso akhala akufunsa funso lomwelo kuyambila tsiku loyamba.

Sindinganene kuti anthu a ku Mwape anatilandila, chifukwa sanatelo, ndipo palibe amene anamwetulila. Amake Yohane anangolamula kuti tidye tisanapite. Potuluka m'mudzimo mwala unaswa galasi la lole ya a Njobvu. Lackson anapitadi ku Lusaka mwezi womwewo, ndipo ndikumva kuti gitala sanaigwilenso. Amama anaitanidwa ku tchalitchi n'kulandidwa yunifomu. Kupemphela sanasiye. Ankapita pa Sondo paliponse n'kuima kumbuyo pafupi ndi khomo, kuimba mokweza kuposa ovala yunifomu onse pamodzi. Ogayitsa anabwelela pang'onopang'ono, chifukwa ufa wosalala ngati wawo kwina kunalibe.

Ife tinakhala miyezi osaimba. Mantha anali atatilowa, ndipo aliyense akaona zida zija ankaona nkhope ya Yohane. Amene anatibweza ndi iwo. Anatuma uthenga kwa Mabvuto kuti makoswe ayamba kudya mawaya athu, ndipo ngati sitikuzifunanso ng'omazo azisungilamo gaga. Tinapita kukazitenga. Tinapeza atasesamo, chigayo chikulila, iwo ataima pakhomo akutifunsa kuti tikudikila ndani. Gitala ya Lackson anaitenga mmodzi wa abale a ku Nyalugwe aja.

Zinakula kuchokela pamenepo, mosakonzekela, mosayenda bwino nthawi zina. Magulu ankabadwa, kukangana, kupasuka, kubadwanso ndi dzina lina. Atsikana okhaokha anayambitsa lawo lotchedwa Ziphaliwali. Tinayamba kukumana chaka ndi chaka anthu akakolola, chaka china ku Petauke, china ku Nyimba, ndipo anayamba kubwela oimba a ku Chipata, a ku Lusaka, mpaka a ku Tete amene tinkamvana nawo theka ndi mawu, theka ndi magitala. Amama anapitako kamodzi kokha. Anaima chapatali akuonelela achinyamata akugundana mapewa m'fumbi kutsogolo kwa nsanja, wina akagwa anzake n'kumudzutsa. Nditawafunsa kuti aona bwanji, anati ngati ng'ombe pa dibi. Kenaka anafunsa ngati ana onsewa ali ndi pokwela pobwelela, ndipo sanachoke mpaka ataona a kumidzi anyamuka kukadali kowala. Kuyambila imfa ya Yohane limenelo linali lamulo lawo, ndipo magulu onse amalitsata mpaka lelo, ngakhale amene sanawaonepo.

Komaliza kuwaona kunali nyengo yozizila yapitayi. Miyendo inali itatupa, ndipo Saulo anawagulila mpando wa pulasitiki n'kuuika pamthunzi. Ndinawapeza atagwila mpandowo kumsana, akuukankha ngati ndodo kuchoka pa chigayo kupita ku kachipinda kumene gulu lina latsopano linali kuyesa nyimbo. Anandifunsa ngati ndikuimbabe. Ndinati sukulu imanditengela nthawi. Anandiyang'ana ngati ndanena bodza lopanda mchele. Za ana atsopanowo anati amaimba mwaukhondo kwambili, chilichonse pamalo pake, ngati munthu wowopa kudetsa malaya. Anagogoda malata ndi makiyi, nyimbo inaima, ndipo analowa kukakangana ndi woimba ng'oma amene akanatha kukhala mdzukulu wawo. Ndinachoka akukanganabe. Mabvuto akuti ngakhale ku chipatala anamwino ankawapeza pakhonde, akufunsa odutsa ngati malaiti alipo kukomboni.

Pa malilo awo anabwela ovala zakuda ochokela konsekonse, ndipo anakhala mbali imodzi, amai a yunifomu mbali ina. Saulo anati pa malilo a amake sipalila gitala, ndipo palibe amene anatsutsa. Amai a ku tchalitchi anakangana okhaokha kuseli kwa nyumba ngati aike yunifomu pa bokosi kapena ayi. Sanaike. Koma anaimba, ndipo pakati pa nyimbo ndinamva mawu aang'ono okoma amene ndinali nditawaiwala. Anali Misozi, mwana ali kumsana.

Ndinapitanso ku chigayo sabata latha, patapita miyezi ingapo chimwalilile amama. Makina anagulitsidwa, anatengedwa ndi munthu wa ku Katete. Pamene anali patsala chiunda cha simenti ndi mabauti otuluka m'mwamba, ayamba kale dzimbili. Waya wa malaiti anaudula n'kuupinda pakhoma. Kachipinda kakuseli n'kosakhoma, chifukwa mulibe choba. Magulu anachotsa zida zawo, ena akuyesela nyimbo ku galaja ina pafupi ndi msewu waukulu, ena akufunafunabe malo. M'makoma mwatsala mathileyi a mazila amene tinamata kuti achepetse phokoso, ndipo mavu amangamo zisa. Pansi, pamene pankakhala ng'oma yaikulu, simenti inakumbika kadzenje ndi zidendene za oimba onse amene anakhalapo. Lata limodzi la denga lamasuka, mphepo ikawomba limagunda kamodzi, n'kudikila, n'kugundanso. Ndinayesa kukhala pa chiunda chija koma sindinakhalitse.

Ndikutuluka ndinakumana ndi amai ena atasenza thumba la chimanga, thukuta lili kumaso, ooneka kuti achokela kutali. Anasuzumila m'kati, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati malaiti azima. Ndinawauza kuti chigayo chinatsekedwa, eni ake anamwalila. Anaima pakhomopo kanthawi osatula thumba. Kenaka anafunsa njila ya ku chigayo china, ndipo ndinawalozela.